Ulusi Uyambe Walawa Madzi

  Lero pa pulogalamu yathu ya pawailesi ya ntchito zamanja tikucheza makamaka ndi inu oluka: amayi a mashawelo ndi majuzi a ana, agogo a zipewa ndi masokosi, achemwali a madoilo, osaiwala abambo, pakuti alipo ndithu amene singano zolukira zimawamvera. Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi yokha, ndipo ndiibwereza kangapo kuti otsegula wailesi mochedwa asatsalire. Ulusi wa mtundu wamphamvu, monga wofiira, wakuda kapena wabuluu woderapo, uyambe walawa madzi musanaulukire pamodzi ndi ulusi woyera. Tiyamba ndi kuona kumene utoto wotuluka pochapa umachokera. Tikatero timva zifukwa zimene oluka ambiri amakanira kuchapa ulusi, ndipo zina mwa zifukwazo n'zomveka ndithu. Kenako ndifotokoza kachapidwe koti ulusi usapiringizane, pakuti mantha a ambiri agona pamenepo.

Taganizirani shawelo ya mwana, yoyera, ya mizere yofiira m'mphepete. Woluka waithera masabata angapo, madzulo aliwonse akamaliza ntchito zina. Tsiku loyamba kuichapa madzi a m'beseni afiira, ndipo pomwe iziuma pachingwe, mzere uliwonse wasanza utoto uku ndi uku, koyera kuja kwasanduka pinki wamawangamawanga. Chopweteka n'chakuti vuto lotere kawirikawiri silibwezeka. Pa chinthu choluka, ulusi wofiira ndi woyera amakhala atakolana pamalire onse, choncho utoto sufunika kuyenda ulendo kuti upeze podetsa. Komanso choluka chimasunga madzi, chimachedwa kuuma, ndipo nthawi yonse imene chili chonyowa utoto umangosamuka. Wina anena kuti mankhwala oyeretsera zovala alipo, aja ambiri timangowatchula kuti Jik. Mankhwala amenewo sasankha. Amafufuta banga pamodzi ndi mzere womwe munaufuna, ndipo ulusi ukakhala wa ubweya weniweni wa nkhosa amaudya mpaka kuusungunula. Ndiye taikani zinthu ziwirizi pasikelo. Uku kuli masana amodzi ochapa ulusi, uko kuli ntchito ya masabata ndi ndalama zonse zimene munagulira ulusiwo.

Nanga utoto wotulukawo umachokera kuti? Kale anthu ankanika nsalu ndi ulusi m'makungwa, m'mizu, m'masamba ngakhale mu tizilombo tina. Zinthu zinasintha mu 1856, pamene mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo aja, koma m'malo mwake n'kupeza utoto wa pepo. Kuyambira pamenepo mafakitale apanga mitundu yambirimbiri ya utoto, ndipo anazindikira msanga kuti ulusi uliwonse uli ndi utoto wake. Ubweya wa nkhosa umagwira utoto pakakhala asidi ndi kutentha. Thonje ndiye linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1880 ku Germany kunatuluka utoto wolowa mu thonje mosavuta, wodziwika kwambiri ukumakhala uja wotchedwa Congo red, koma utoto wa gulu limeneli umangotsamira pa thonje osamangika kwenikweni, kotero kuti sopo ndi madzi ofunda amaukokolola pang'onopang'ono. Mpaka lero utoto wa gulu lomweli ukugwirabe ntchito chifukwa ndi wotchipa. Mu 1956 kampani ya ICI ya ku Britain inatulutsa utoto wa Procion, umene umamangika ndi thonje lenilenilo n'kukhala gawo lake. Munthu angaganize kuti pamenepo nkhani inatha, koma ayi. Ponika, gawo lina la utotowo limamangika ndi madzi m'malo mwa thonje, ndipo likatero silingagwirenso, limangotsalira pa ulusi. Kuti lichoke pamafunika kutsuka kangapo ndi madzi otentha, ndipo madzi, moto ndi nthawi zonsezo ndi ndalama. Fakitale yofuna kugulitsa motchipa ikafupikitsa kutsukako, ntchito yotsalayo imasamukira m'beseni lanu. Ndipo mtundu ukakhala woderapo, utoto wothirapo umakhala wambiri, wotsalira nawonso umachuluka. N'chifukwa chake wofiira, wakuda ndi wabuluu ndiwo amatiliza, pamene wachikasu wotuwa sitimva mbiri yake.

Musaganize kuti vutoli ndi la ulusi wotchipa wokha. Utoto wa buluu wa indigo, umene umapatsa mathalauza a jinzi mtundu wake, sumangika ndi thonje m'pang'ono pomwe. Umalowa uli wosungunuka, ukakumana ndi mpweya n'kuuma, n'kutsekeredwa pakati pa timinyewa ta ulusi, wambiri uli chakunja. Onika nsalu a m'maenje a Kofar Mata mumzinda wa Kano ku Nigeria akhala akugwiritsa ntchito indigo wa zomera kwa zaka mazana, ndipo kampani ya BASF inayamba kugulitsa wopanga m'fakitale mu 1897, koma khalidwe la utotowo silinasinthe. Aliyense amene anavalapo jinzi yatsopano n'kuona manja kapena nsapato zoyera zitada ndi buluu akudziwa kuti umachoka ngakhale popanda madzi. Ulusi wodula wonikidwa pamanja, umene oluka a ku Ulaya ndi ku America amaunyadira, nawonso umatulutsa utoto. Mtengo wa ulusi sungakuuzeni zimene zidzachitike m'beseni. Madzi okha ndiwo angakuuzeni.

Tsopano timve okana. Woyamba akuti, ndikauchapa usuluka, ndipo ine ndinaugula chifukwa cha kuwala kwake. Yankho lake n'lakuti utoto umene ukutuluka m'beseniwo sunagwirepo chiyambire. Unali wotuluka basi, kaya lero kaya tsiku limene mwana adzadetse shawelo koyamba, ndipo chimene mukusankha inu ndi malo otulukira: m'madzi otaya kapena mu mzere woyera. Utoto wogwira bwino sutsata madzi a sopo pang'ono, moti ulusi wabwino ukauma umaoneka monga unalili. Kusuluka kwenikweni, kuja chovala chimatuwa chaka ndi chaka, kumabwera makamaka ndi dzuwa ndi kuchapachapa, ndipo ndi nkhani ina. Nanga ngati mwatsuka kambirimbiri, madzi osayera, ulusi ukungotuwa? Pamenepo mwapeza ulusi wonikidwa molakwika, ndipo ndi bwino kuti mwaudziwa usanalowe m'ntchito yanu. Ulusi wotere ulukeni paokha, chipewa cha mtundu umodzi mwina, chodzachapidwa pachokha.

Wokana wachiwiri ali ndi mfundo yolimba kuposa woyamba, ndipo ndiyenera kumuvomereza pa zambiri. Akuti, ulusi umene timagula m'mashopu athu, ngakhale timautchula kuti wulu, si wa nkhosa, ndi akiriliki, ndipo ine ndaluka zaka zambiri osauona ukutulutsa utoto. Zoonadi. Akiriliki ndi ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, umene kampani ya DuPont ya ku America inayamba kugulitsa cha m'ma 1950 pa dzina la Orlon. Utoto wake umagwira zolimba, ndipo wina amaupatsa mtundu udakali phala, usanakokedwe kukhala ulusi. Amene akuluka ndi akiriliki wabwino, kapena akuluka chinthu cha mtundu umodzi, sindikumukakamiza kunyowetsa ulusi wake. Koma funso nali: mukudziwa bwanji kuti umene uli m'manja mwanuwo ndi akiriliki yekhayekha? Ulusi wambiri pamsika ulibe kapepala konena za m'kati mwake. Wina ndi wosakaniza ndi thonje kapena ubweya. Ulusi woonda wa madoilo nthawi zambiri ndi thonje. Ndiye palinso ulusi umene amayi anzeru amaupeza pomasula majuzi a pakaunjika, wochokera kumaiko osiyanasiyana, wopanda wouikira umboni. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, ndipo ulusi umafunsidwa m'njira ziwiri zosalira ndalama.

Njira yoyamba ndi ya moto. Dulani kachidutswa kakang'ono, mukagwire ndi kapani kapena waya, mukayatse panja kutali ndi ana. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitsina. Thonje limayaka msanga, limanunkha pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba, ndiye musakakhudze kadakali kotentha. Njira yachiwiri, imene ndi yofunika koposa, ndi ya kapu. Dulani ulusi wotalika kuchokera kuchala kufika pachigongono, muuviike m'kapu yoyera ya madzi ofunda othira sopo pang'ono, muusiye kwa theka la ola. Mukatero yang'anani madziwo, kenako muufinyire ulusiwo m'kansalu koyera ndi kuusiya uumire momwemo. Kansaluko ndiko mboni yaikulu, pakuti nthawi zina madzi amangosintha pang'ono, maso osaona, koma nsalu yoyera sibisa. Madzi ndi nsalu zikakhala zoyera, kalukeni mtima uli m'malo. Zikadetsedwa, ulusi wonse wa mtundu umenewo uchapidwe. Mwamva tsono kuti sindikunena kuti muzichapa ulusi uliwonse. Ndikuti ulusi wa mtundu wamphamvu uyambe walawa madzi, ngakhale a m'kapu chabe, usanakumane ndi woyera.

Wachitatu akuti, n'kuvutikiranji, agogo anatiphunzitsa kuti mchere kapena viniga amagwiritsa utoto, chitenje chatsopano timachiviika m'madzi amchere basi. Chikhulupiriro chimenechi chili m'maiko ambiri, ndipo sichinangobuka, chili ndi pamene chinachokera. Onika thonje amathiradi mchere wambiri m'madzi a utoto, koma ntchito ya mcherewo ndi kukankhira utoto ku thonje pa nthawi yonikayo. Chomangitsa utoto wa mtundu wa Procion ndi soda, ndipo utoto umene unamangika kale ndi madzi, mchere sungaubwezeretse. Mukaviika ulusi wa thonje m'madzi amchere madzi angaoneke oyerako tsiku limenelo, chifukwa mchere ukuletsa utoto kusungunuka, koma wogula akadzachapa ndi sopo, utoto uja udzatuluka. Mwangoubisa, ndipo kubisa n'koipa kuposa kuusiya, popeza mwadzinamiza kuti ulusi uli bwino. Viniga ali ndi ntchito makamaka pa ubweya wa nkhosa ndi silika, ndipo amagwira pakakhala moto. Ulusi wa ubweya umene ukutulutsa utoto ungathe kuikidwa m'madzi othira viniga, n'kuwatenthetsa pang'onopang'ono osafika powira, osatakasa, kenako n'kuusiya uzizirire momwemo, mumphika wosaphikiramo chakudya. Pa thonje ndi akiriliki, viniga mungomusungira kukhitchini.

Tafika pa wokana wachinayi, amene ndikuona kuti ndiye akuyankhulira ambiri ngakhale satchula. Akuti, ndinayesapo, ulusi unapiringizana, ndinathera tsiku lonse ndikumasula mpaka ndinaudula. Mantha amenewa ndi oona, koma cholakwa si madzi, ndi maonekedwe amene ulusi unalowera m'madzimo. Mpira wa ulusi suchapika. Kunja kumanyowa n'kuyamba kusomphoka, m'kati sopo safika bwino, ndipo pouma m'katimo mumakhala chinyontho masiku ambiri mpaka kuchita nkhungu. Komanso ulusi uliwonse ndi wopota, ndipo ukamasuka m'madzi umafuna kudzipotera pa unzake. Mankhwala ake ndi kuusandutsa nkhata, yonga ija amayi amaika pamutu posenza ndowa, koma yaikulu ndi yomasuka. Imikani mipando iwiri mofulatirana, kapena gadamitsani mpando umodzi miyendo iloze kumwamba, kapenanso pemphani mwana atambasule manja. Zunguzani ulusi kuchokera pampira, osakoka kwambiri, mpaka wonse uthe, ndipo nsonga yoyamba ndi yomaliza muzimange pamodzi. Musanauchotse pamipandopo, ndibwerezenso, musanauchotse, umangeni m'malo anayi otalikirana mofanana. Pomanga gawani ulusiwo pawiri, kachingwe kadutse pakati, kazungulire gawo limodzi, kabwerere pakati, kazungulire linalo, mofanana ndi nambala 8. Kamangidwe kameneka ndiko kamaletsa mizere kulumphirana. Kachingweko kakhale ka thonje loyera, kuti nakonso kasadetse ulusi, ndipo mumange momasuka moti zala ziwiri zilowe, pakuti mukathinitsa madzi safika pansi pa mfundoyo ndipo utoto wotsalira ubisala pomwepo.

Pochapa, madzi ayambe ndiwo kulowa m'beseni, sopo asungunuke, nkhata ibwere pambuyo. Igonekeni pamwamba, muikanikize ndi chikhatho mpaka imire, ndipo muisiye. Osafikisa, osatakasa, osaithira madzi kuchokera pamwamba. Posintha madzi inyamuleni pogwira pa chimodzi cha zomangira zija, dzanja linalo likuchirikiza pansi, mutaye madzi, muthire ena, muibwezeremo. Bwerezani mpaka madzi ayere, ndipo mtundu uliwonse ukhale ndi nthawi yake m'beseni. Kutentha kwa madzi kumatengera ulusi umene mwaupeza pa mayeso a moto aja. Thonje silichita mantha ndi madzi otentha, ndipotu otenthawo ndiwo amachotsa msanga utoto wotsalira. Akiriliki amafuna ofunda chabe, chifukwa kutentha kwambiri kumamulefula n'kumuchotsa kufutukuka kwake. Ubweya wa nkhosa ndiwo wofuna ulemu. Tsitsi lililonse la ubweya lili ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo likakumana ndi kutentha, sopo ndi kufikisa pa nthawi imodzi, timambato timakolana osamasukanso, nkhata yonse n'kusanduka chigamba chimodzi. Kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira kumathandiziranso zomwezo. Choncho madzi onse a ubweya, ochapira ndi otsukuluzira, akhale ofunda mofanana, ndipo m'malo mwa sopo waufa, amene ndi waukali pa ubweya, thirani kadontho ka shampu kapena sopo wamadzi wotsukira mbale.

Kuyanika n'kosavuta. Finyani nkhata m'manja osaipotokola, muikulunge m'thaulo lakale, muponde kapena kukanikiza kuti madzi ambiri atsalire m'thaulomo. Lowetsani manja onse awiri m'kati mwa nkhata ndi kuikoka mofatsa kawiri katatu kuti mizere iwongoke, n'kuipachika pamthunzi podutsa mphepo. Musamangirire mwala kapena botolo kumunsi kwake pofuna kuti iwongoke bwino. Ulusi wouma uli wokokeka umabwerera m'malo mwake tsiku lodzanyowanso, ndipo juzi imene munayeza bwinobwino imadzafupika. Ukauma mpaka m'kati, ibwezereni nkhata pamipando ija, ndipo pokhapo ndi pamene mudule zomangira. Pokulunga mpira, ulusi uzidutsa pamwamba pa zala zanu ziwiri kuti mpirawo ukhale wofewa. Inu a ku Dedza, ku Mzimba, ku Thyolo ndi ku Mulanje mukudziwa kuti mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, chinthu chonyowa chimatha masiku pachingwe, pamene imeneyo ndiyo nyengo imene majuzi ndi zipewa zikufunidwa. Ulusi wa ntchito ya m'nyengo yozizira ndi wofunika kuuchapiratu mvula ikangosiya, dzuwa la Epulo ndi Meyi lidakalipo.

Patsala dandaulo limodzi losayenera kulinyalanyaza, la madzi. Kwa mayi amene amatunga pamjigo wakutali, mabeseni anayi kapena asanu a ulusi wokha si nkhani yamasewera. N'chifukwa chake mayeso a kapu ayenera kutsogola, kuti madzi apite pa ulusi wokhawo umene waonetsa vuto, ndipo kawirikawiri umenewo ndi wa mizere ndi maluwa, mpira umodzi kapena iwiri, osati wa chovala chonse. Madzi omwewo amagwiranso ntchito zina mosadziwika. Ulusi womasula ku juzi ya pakaunjika umakhala wopindikapindika, ndipo ukalukidwa choncho masitichi amatuluka osafanana, koma ukanyowa n'kuumira pa nkhata mapindi ambiri amawongoka, makamaka ukakhala wa ubweya. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndiye ndi bwino lifupikire pa nkhata kusiyana ndi pa chovala chomaliza. Fumbi la pamsika ndi timafuta ta makina opotera nazonso zimachoka zisanafike pa khungu la khanda. Madzi a utotowo musathire pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje, athireni m'dzenje la zinyalala, ndipo beseni lake lisakhale lotsukiramo ndiwo.

Tisanasiyane, ndili ndi funso kwa inu amene mumaluka zogulitsa kapena zopatsa abale, loti mulisinkhesinkhe pamene mukupitiriza ntchito yanu madzulo ano. Pa zonse zimene zinachoka m'manja mwanu chaka chathachi, ndi zingati zimene munazionanso zitachapidwa? Woluka amaona ntchito yake ili yatsopano, koma amene amaona madzi a m'beseni ndi wogula, ndipo wogula wokhumudwa kawirikawiri sabwera kudzadandaula, amangopita kwa woluka wina. Ngati pali amene munamulukira shawelo kapena juzi ya mitundu iwiri, mukakumana naye kutchalitchi, kumzikiti kapena kuchigayo, tamufunsani kuti inachapika bwanji.